Retinol wa m'sitolo: ndipitirize kapena ndikapemphe tretinoin kwa dokotala?

Mphunzitsi wa ku Area 25

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndine mayi wa zaka 31, ndimaphunzitsa sitandade 6 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Lilongwe. Pa utsikana wanga ziphuphu sindinkazidziwa n'komwe. Zinayamba nditabereka mwana wachiwiri, ndipo zimatuluka malo amodzimodzi nthawi zonse: m'munsi mwa masaya ndi m'mbali mwa chibwano. Si zija zing'onozing'ono za pamphumi ayi. Zanga zimayambira mkati, zolimba, ukakhudza zimapweteka ngati kachithupsa. Chikaphwa chimasiya banga lakuda lomwe limakhala miyezi isanu kapena kuposerapo, ndipo lisanafufutike china chatulukira kale pambali pake. Lero m'mawa ndawerenga pagalasi mawanga 14, mbali ya kumanzere kokha.

Ana sabisa mawu. Tsiku lina mtsikana wina anakweza dzanja pakati pa phunziro la masamu n'kundifunsa kuti, "Madamu, kodi chakulumani n'chiyani?" Anafunsa mwachifundo ndithu, koma tsiku limenelo ndinalephera kudya nsima madzulo.

Mu Epulo ndinagula retinol kwa mayi wina amene amaitanitsa katundu ku South Africa n'kumagulitsa pa WhatsApp. Ndi kabotolo kagalasi koonekera mkati, ka 30 ml, kokhala ndi kodonthezera. Palembedwa kuti retinol, koma kuchuluka kwake sanalembe. Ndalama imene ndinalipira ikanakwana mayunitsi a magetsi a mwezi wathunthu. Ndakhala ndikudzola usiku uliwonse, miyezi inayi tsopano. Kunena zoona, khungu la pamphumi lasalalako. Koma za pachibwano zikutulukabe ngati kale, makamaka ndikamayandikira kupita kumwezi.

Mng'ono wanga akuti retinol ndi madzi chabe, mankhwala enieni ndi tretinoin wa kwa dokotala. Kabotolo kanga katsala pang'ono kutha. Kodi ndigule kena, kapena ndakhala ndikutaya ndalama? Tretinoin ndikumuopa chifukwa ndamva kuti amasupula nkhope, ndipo ine sindingaime kutsogolo kwa ana 90 nkhope ikufunduka.

Wa ku famase, Limbe

Pepani mayi ndi vutoli. Ndakhala mu famase zaka zisanu ndi zinayi, ndipo funso lanuli limandipeza pafupifupi mlungu uliwonse. Mng'ono wanu wanena zoona mbali imodzi, mbali ina walakwitsa.

Retinol ndi tretinoin ndi a banja limodzi, la vitamini A. Koma chimene khungu limamva kwenikweni ndi chimodzi chokha, dzina lake retinoic acid. Tretinoin ndi retinoic acid yemweyo, mukangodzola wayamba ntchito. Retinol ayenera kusinthidwa kawiri mkati mwa khungu, poyamba akhale retinaldehyde, kenako ndiye akhale retinoic acid. Ganizirani za chimanga. Tretinoin ndi ufa woyera woti mungotereka madzi. Retinol ndi chimanga cha m'thumba, choti mukakonole, munyike, mukagayitse, ndipo inu mukudziwa kuti thumba lodzaza chimanga silibwera lodzaza ufa. Pali winanso wotchedwa retinyl palmitate amene amapezeka m'mafuta ambiri otsika mtengo. Ameneyo ndi chimanga chosatonola n'komwe, amasinthidwa katatu. Choncho retinol si madzi, amagwira ntchito, koma mofooka komanso mochedwa.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi kabotolo kanuko. Retinol amawonongeka ndi kuwala, mpweya komanso kutentha. Mwati n'kagalasi koonekera mkati, ndipo usiku uliwonse mumatsegula, mpweya n'kulowa. Onjezerani ulendo wa pa basi kuchokera ku Johannesburg, kudutsa Zimbabwe ndi kutentha kwa ku Tete, katundu ali m'munsi mwa basi masiku awiri. Mwina mphamvu yambiri inatha kasanafike m'manja mwanu. Komanso retinol amagulitsidwa ngati zodzoladzola, si mankhwala, ndiye ambiri salemba kuchuluka kwake. Pa kachubu ka tretinoin mupeza palembedwa 0.025%, 0.05% kapena 0.1%, ndipo mumadziwa chimene mukudzola. Wofuna retinol wabwino asankhe wa m'chubu kapena botolo losaonekera mkati, wolembedwa kuchuluka kwake. Musathamangire manambala akuluakulu. Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2024 loti retinol wa m'mafuta a kunkhope asapitirire 0.3%.

Tsopano za ziphuphu zanuzo. Ineyo sindingakulangizeni kugula kabotolo kena. Retinol ndi wa khungu lofuna kusalala, timizere tating'ono, ndi mawanga osazama. Ziphuphu zolimba, zopweteka, zosiya mawanga, zimafuna mankhwala enieni. Ndipo si tretinoin yekha alipo. Tretinoin ndi wakale, anavomerezedwa ku America mu 1971 ndi dzina la Retin-A. Pali wina wotchedwa adapalene, ambiri amamudziwa kuti Differin, amene anabwera mu 1996. Ameneyu pa ziphuphu amagwira bwino, saotcha kwambiri ngati tretinoin, ndipo sawonongeka msanga ndi kuwala. Ku America kuyambira 2016 adapalene wa 0.1% amagulitsidwa popanda chikalata cha dokotala. Kwa munthu woopa kufunduka ngati inu, ndi amene ndikanafunsa poyamba.

Komabe pitani mukaonedwe. Ziphuphu za pachibwano zobwera ndi mwezi nthawi zambiri zimayendera mahomoni, ndipo zozama chonchi zodzola zokha sizikwanira nthawi zina. Adokotala amatha kuwonjezera mapiritsi ngati doxycycline kwa miyezi ingapo. Ku Kamuzu Central kuli kiliniki ya matenda a khungu, yambirani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko akulembereni kalata. Ndifunseko: kodi mukugwiritsa ntchito njira yanji yolera? Jakisoni wa Depo ndi ka pamkono kaja, mwa amayi ena zimachulukitsa ziphuphu.

Mchemwali wa ku Johannesburg

Asisi, ine ndikuuzeni zimene zinandichitikira, musadzabwereze.

Ndimagwira ntchito mu saluni kuno. Zaka zitatu zapitazo dokotala anandilembera tretinoin wa 0.05%. Anandiuza ndithu kuti ndiyambe pang'onopang'ono, koma ine ndinali ndi ukwati wa mlongo wanga pakutha pa milungu isanu, ndiye ndinkafuna zitheretu msanga. Ndinkafinya wodzaza chala, usiku uliwonse, nkhope idakali yonyowa nditangosamba. Unali mwezi wa Juni, ndipo amene anakhalako kuno akudziwa mmene mphepo ya nthawi imeneyo imaumitsira khungu.

Tsiku lachisanu m'mbali mwa mphuno munayamba kunyerenyetsa. Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi khungu lozungulira pakamwa linkang'ambika ndikaseka. Ndinkati ndikapukuta ndi thaulo loyera, tizikopa tinkatsalira pomwepo ngati gaga. Ngakhale madzi enieniwa ankandiotcha. Ndinasiya, koma choipa chinabwera pambuyo pake: paliponse pamene panapsa panada. Ndinapita kukachotsa mawanga, ndinabwerako ndi chigamba chakuda kuzungulira pakamwa ponse, ndipo chinatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti chithe. Pa zithunzi za ukwati uja ndinaima kumbuyo.

Ichi ndi chimene makanema ambiri a pa intaneti sanena, chifukwa ambiri opanga makanemawo ndi azungu. Iwo khungu likapsa limafiira, pakapita masiku labwerera. Lathu likapsa limatulutsa mtundu wakuda wochuluka, ndipo umakhalitsa. Ndiye kwa ife kuotcha khungu si nkhani yongopirira ayi, ndi kuwonjezera vuto lomwe tikufuna kuthetsa.

Sindinamutaye tretinoin. Ndinabwerera kwa dokotala, ananditsitsira pa 0.025%, ndipo ulendo uno ndinamvera. Ndimasamba ndi sopo wofewa, osati wochapira zovala, ndimadikira mphindi 20 kuti nkhope iumiretu. Ndimadzola kaye mafuta wamba opanda fungo, kenako tretinoin wochepa ngati njere imodzi ya nandolo, nkhope yonse, osati pa chiphuphu pokha. M'makona a mphuno, a maso ndi a milomo ndimayamba ndapakamo Vaseline kuti mankhwala asafikemo. Mwezi woyamba ndinkadzola Lolemba ndi Lachinayi basi. Wachiwiri ndinkadumphitsa tsiku limodzi. Pa milungu yoyambirira ziphuphu zinachita ngati zachuluka, ndinatsala pang'ono kusiya. Kusintha kwenikweni ndinakuona patatha milungu 12. Lero ndimatuluka wosapaka foundation.

China, ndipo ichi musachinyoze: sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, m'mawa uliwonse, wolembedwa mphamvu ya SPF 30 kapena kuposa. Ambirife tinakula tikudziwa kuti ameneyu ndi wa azungu ndi abale athu achialubino okha. Koma mawanga akuda dzuwa ndi limene limawadetsa. Inu mumaima pa asembule, mumayenda wapansi masana poweruka, ndipo Okutobala akubwera. Popanda sunscreen, kaya retinol kaya tretinoin, mukutunga madzi ndi dengu.

Mayi a ku Zomba

Ine ndiimire retinol pang'ono, chifukwa ndaona akunyozedwa. Ndili ndi zaka 54. Ziphuphu ndilibe, changa chinali khungu louma ndi lokhakhala, ndi timakwinya m'mbali mwa maso. Tretinoin ndinamuyesa kawiri, ngakhale wofooka uja, ndipo khungu langa linakana. Linkayabwa usiku wonse. Mwana wanga wamkazi wa ku Leeds anayamba kunditumizira retinol wa 0.3% wa m'chubu, ndimadzola katatu pa mlungu, chaka chachiwiri tsopano. Sindinasanduke mtsikana ayi. Koma ndikasamba m'mawa n'kugwira tsaya, ndi lofewa, ndipo ufa wa kunkhope sukhalanso m'mizere ngati kale. Sindinafundukepo ngakhale tsiku limodzi.

Mankhwala amphamvu amene akhala m'kabati chifukwa ukuwaopa sakuthandiza chilichonse. Ofooka amene ukudzola chaka chonse akuthandiza. Kwa ine ndalamayo sikutayika. Koma mwanangu, vuto lako ndi langa n'zosiyana, iwe uli ndi zotupa zopweteka. Pita kuchipatala monga anenera a ku famase.

Wa ku famase, Limbe

Mayi a ku Zomba akunena zoona, ndipo pali kafukufuku wogwirizana nawo. Mu 2007 akatswiri a pa University of Michigan anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita pa okalamba a zaka zoposa 80. Ankawapaka retinol wa 0.4% pa mkono umodzi, mkono winawo mafuta wamba, kwa milungu 24. Mkono wa retinol timakwinya tinachepa mooneka. Choncho pa nkhani ya kukalamba kwa khungu retinol ali ndi umboni wake. Pa ziphuphu umboni wochuluka uli kwa adapalene ndi tretinoin.

Mnyamata wa ku Mchesi

Madamu musavutike ndi mizere ya ku Central. Mumsika waukulu muli timachubu totchipa, mlongo wanga anadzola mlungu umodzi wokha mawanga onse anatha, mpaka anawala. Amasakaniza ndi mafuta ake odzola. Ndingamufunse dzina lake ngati mukufuna.

Wa ku famase, Limbe

Achimwene, ndikudziwa mwanena pofuna kuthandiza, koma chonde mlongo wanuyo muuzeni awerenge timalemba ting'onoting'ono pa kachubuko. Akapeza mawu akuti clobetasol kapena betamethasone, ameneyo ndi steroid wamphamvu, mankhwala a matenda ena a khungu oyenera kudzola masiku owerengeka basi, ndipo kawirikawiri osati kunkhope. Chilichonse chochotsa mawanga pa mlungu umodzi muzichikayikira.

Amayi odzola zimenezi ndimawaona pa kauntala. Miyezi yoyamba amawala, anthu n'kumawayamikira. Kenako khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, masaya amafiira ngati apsa ndi moto, ziphuphu zing'onozing'ono zofanana zimadzaza nkhope yonse, ena tsitsi limamera m'masaya. Akasiya, nkhope imayabwa ndi kuda kuposa kale, ndiye amabwereranso ku kachubu komweko. Timachubu tina timakhala ndi hydroquinone, mankhwala oyeretsa khungu, amene ukamudzola nthawi yaitali amatha kusiya zigamba zakuda zokhakhala m'masaya zimene n'zovuta kwambiri kuchiza. South Africa inaletsa hydroquinone mu zodzoladzola kale mu 1990 chifukwa cha zimenezi. Madokotala a khungu amamugwiritsabe ntchito, nthawi zina pamodzi ndi tretinoin ndi steroid wofooka, koma kwa miyezi yowerengeka ndipo akukuyang'anira.

Ndi chifukwa chake ngakhale tretinoin weniweniyo ndimati mugule mu famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, osati pa tebulo la mumsika pamene kachubu kakhala padzuwa kuyambira m'mawa.

Mphunzitsi wa ku Area 25

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Asisi a ku Johannesburg, nkhani yanu yandikhudza, ndipo ndikuvomera kuti sunscreen sindinadzolepo chibadwire. A ku famase, mwalasa: ndili pa Depo, ndinayamba mwana ali ndi milungu isanu ndi umodzi, ndipo ndikaganiza bwino ziphuphu zinayamba miyezi yochepa pambuyo pake. Sindinaziganizirepo kuti zingagwirizane. Komabe jakisoni amene ndinabaya mwezi watha ndi womaliza. Ine ndi bambo a kunyumba tagwirizana kuti chaka chamawa tikhale ndi mwana wachitatu, ndiye mwina zitha zokha?

Mzamba wa ku Mchinji

Mayi, ndakhala ndikungowerenga, koma pa mawu anu omalizawa ndiyenera kulowererapo. Ngati mukufuna kutenga pakati, nkhani yonse yasintha.

Mankhwala onse a banja la vitamini A amenewa, tretinoin, adapalene, tazarotene, sitilola mayi woyembekezera kapena amene akufuna pakati kuti adzole. Zoona, zolowa m'magazi kudzera pakhungu n'zochepa kwambiri, ndipo mayi amene anadzola asanadziwe kuti waima asachite mantha, angosiya n'kuuza a ku sikelo. Koma ziphuphu si matenda oti tiikire mwana pachiswe ngakhale pang'ono, ndiye lamulo ndi loti ayi. Retinol wa m'sitoloyo nayenso timati asiyidwe. Ziwalo za mwana zimaumbika m'milungu yoyambirira, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati.

Oopsa kwenikweni ndi mapiritsi otchedwa isotretinoin, ena amati Roaccutane. Amachiza ziphuphu zovuta kwambiri, koma amapundula mwana m'mimba: mtima, ubongo, makutu, nkhope. Mayiko amene amawapereka mwadongosolo amayeza mayi ngati ali ndi pakati asanayambe komanso mwezi ndi mwezi, ndipo amamuuza kuti akhale pa njira yolera yodalirika mpaka mwezi wathunthu atamaliza. Wina akadzakupatsani mapiritsi a ziphuphu ochokera kunja opanda dokotala, musamwe. Doxycycline amene watchulidwa uja nayenso sitipereka kwa woyembekezera.

Za Depo, mphamvu yake ndi ya miyezi itatu. Ikatha, amayi ambiri amatenga miyezi ingapo, ena mpaka chaka, asanatenge pakati. Koma ena amatenga msanga, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti inu muli gulu liti. Choncho musawerengere kuti muli ndi chaka choti mudzole tretinoin. Ngati ziphuphu zikukusowetsani mtendere kwambiri, kambiranani ndi bambo kuti mudikire kaye miyezi ingapo muli pa njira ina yolera, muchize khungu, kenako musiye mankhwala musanayambe kufuna mwana. Ngati simukufuna kudikira, palinso zina zimene timalola. Azelaic acid ndi wabwino kwa inu chifukwa amalimbana ndi ziphuphu komanso mawanga akuda nthawi imodzi. Benzoyl peroxide wofooka amaloledwanso, kungoti amasuwitsa mtundu wa nsalu, ndiye muzigonera pilo wa nsalu yoyera. Sunscreen alibe vuto lililonse.

Zoti zitha zokha mukasiya Depo, zimatheka mwa ena, koma zimatenga nthawi, ndipo pakati penipenipo pamabweretsanso ziphuphu ndi zigamba zakuda m'masaya mwa amayi ambiri. Mukakalowa m'chipinda cha adokotala, mawu oyamba akhale akuti mukufuna mwana chaka chamawa. Musadikire kuti akufunseni, mzere ukakhala wautali ena amaiwala.

Mchemwali wa ku Johannesburg

Amayi azamba anena zimene ine sindinaziganizire, pepani asisi. Ine nditaima ndi mwana wanga womaliza ndinasiya tretinoin tsiku lomwelo, dokotala anandipatsa azelaic acid. Amanyerenyetsa mphindi zochepa ukangodzola, makamaka milungu iwiri yoyamba, koma sanandifundule. Mawanga ankatha pang'onopang'ono ndithu.

Mphunzitsi wa ku Area 25

Amayi azamba, Mulungu akudalitseni. Ndikanapita kukapempha tretinoin osatchula n'komwe za mwana, chifukwa m'mutu mwanga nkhani ya nkhope ndi ya mimba zinali zosakhudzana. Usiku wathawu ndakambirana ndi bambo a kunyumba. Iwo akuti zili kwa ine, koma ine mtima wanga uli pa mwana, zaka zikupita. Ndiye tretinoin ndi adapalene adikire kaye mpaka ndidzabereke. Kabotolo ka retinol kaja ndakachotsa pawindo pamene kamakhala, sindidzolanso, ndipo kena sindigula.

Ndapempha ahedi kuti Lachinayi ndichoke ikangotha pirodi yachitatu ndikatenge kalata ku chipatala cha kwathu kuno. Ndalemba pa kapepala mawu akuti azelaic acid ndi benzoyl peroxide, ndaika m'buku la kuchipatala kuti ndisakaiwale.

Asisi a ku Johannesburg, funso limodzi lotsala. Dzulo ndinayesa sunscreen wa mnzanga mu staff room, nkhope yonse inatuwa ngati ndagwa mu ufa, ndinachita kukasamba ndisanalowe m'kalasi. Inu mumadzola wotani amene satuwitsa khungu lakuda? Mng'ono wanga akubwera pa basi kumapeto kwa mwezi uno, ndikufuna ndimuuze msanga asanapakire katundu.